Tsiku Limene Anatizulira Chitseko

Chaka chimene ndinayamba geni ya matemba, ndinkachita lendi kachipinda pafupi ndi doko pamodzi ndi mnzanga wa kwa Kuntumanji. Iye Msilamu, ine wa mpingo, koma mbaula imodzi, loko mmodzi, aliyense kiyi wake. Eni nyumba anali bambo achikulire, okoma pakamwa tsiku lolandira lendi lokha.

Tikulowa, mnzangayo anaumirira kuti tilemberane pangano ndi bambowo. Anathothola tsamba m'kope n'kulemba kuti wofuna kuthetsa pangano azinena kudakali mwezi wathunthu. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye ndinapaka inki ya bolopeni pachala n'kudinda. Bambowo anasaina akuseka.

Mpunga utacha, mnzangayo anaitanidwa kwawo, mayi ake atadwalika. Nyengo imeneyo mavenda a m'tauni amadzaza kuno ndi masikelo awo, ndipo eni nyumba maso amafiira pofuna lendi yokwera. Masana ena pochokera kunyanja ndinapeza chipinda chili chiyasamire, chitseko palibe. Chikwama cha mnzanga, mkeka wake wopempherera, zonse zili poyera, nkhuku zikuyendera.

Ndinawapeza bambowo atachitsamiritsa kuseri kwa nyumba yawo.

“Mwanawe, amene ndinapangana naye wapita,” anatero. “Iwe unali mlendo wake. Pofika Loweruka ukhale utatuluka.”

“Nanga chala chili papepala paja, bambo, n'cha mlendo?”

“Pepala silimanga nyumba.”

Ine ndine wa mtima wapachala, kwathu amadziwa. Mawu amene anafika pakhosi tsiku limenelo akanandipititsa kupolisi. Ndinawameza. Mnzanga anasiya malo ake m'manja mwanga, ndipo sindikanalola kuti abwerere n'kupeza katundu wake pamtetete.

M'mawa mwake sindinapite kumsika. Ndinayala thumba pakhomo penipeni, pamene panali chitseko, n'kuunjika matemba milumilu. Aliyense wogula ankafunsa, “Nanga chitseko, mayi?” Ine ndinkayankha mwaulemu ndithu kuti eni nyumba achibwereka, kenaka n'kutulutsa pepala kuti odziwa kuwerenga andiwerengere mokweza. Ndinkalidziwa pamtima, koma ndinkafuna limveke. Pofika tsiku lachitatu, nkhani inali itafika ku mjigo ndi kudoko komwe, ndipo bambowo ankazembera kuseri popita kudimba.

Loweruka venda amene bambowo ankafuna kumulowetsa m'chipindamo anabwera, sikelo pakaliyala. Ndinamupatsa moni, kenaka pepala. Anawerenga mpaka pansi, anayang'ana mabowo a misomali pafelemu, n'kutembenukira kwa bambowo.

“Achimwene, mpunga wanga ndiusunge m'nyumba imene mwini wake amazula chitseko akafuna? Pepani.”

Anakwera njinga, ulendo. Madzulo asanakwane bambowo anabwera atasenza chitseko, hamala m'thumba. Iwo ankakhoma, ine ndikuwapatsira misomali, umodziumodzi, mosafulumira. Kunena zoona ndinanyada, ndipo mpaka lero ndimanyadabe. Mkazi wosatha kulemba dzina lake ndinaimitsa mwini nyumba popanda kutukwana ngakhale kamodzi.

Mnzanga anabwera patatha milungu iwiri, ataika mayi ake m'manda. Ndinamuonera patali ndili pathandala loyanikira matemba, atawonda, akuyenda ngati sakudziwa kolowera. Zachitseko sankadziwa chilichonse. Anafika pakhomo, anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje, loko anatseguka. Analowa, anatseka, ndipo ndinamumva akulira momasuka m'chipinda chake.