Ndakumana ndi Maureen wa ku mipando yofiira

Moni nonse.

Lero m'sitima ya ku Balbriggan mzungu wina amangondiyang'anitsitsa. Ine chikwama ndafungatira, mukundidziwa. Kenako akuti, "Si inu agogo munkapukuta mafoloko athu ndi mpango wanu?"

Ndi Maureen, uja ankatiperekera chakudya ku lesitilanti ya mipando yofiira ku Crumlin, komwe tinkadya Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, nthawi ija Dublin yense ankangomanga nyumba. Nthambi zake zinali mbwee, lero sinatsale ngakhale imodzi.

Chandidabwitsa n'chakuti akukumbukirabe zoti mdzukulu wanga Chisomo ankalira nsawawa zikakhudzana ndi tchipisi. Chisomo wandevu yemweyu!

Maureen akuti watsegula kamalo kake kodyera ku Mulhuddart, msuzi wa nkhuku ndi womwe uja. Nambala yanga sindinam'patse, ndatenga yake.

Chitsekereni malo aja sitinadyepo tonse pamodzi, aliyense ndi shifiti yake, ndipo ine zaka zikupita. Lachinayi ndikasuzumira ndekha kukhitchini kwake. Kukakhala kwaukhondo, ndikasungitsa tebulo lalikulu la Lamlungu.

Bambo a Chisomo, mayi a Tadala, mukuti bwanji? Amene ali ndi shifiti asinthane ndi mnzake lero lomwe.