Phale Lopalira Moto

Phale limene tinkapalira moto kwathu linali chidutswa cha mtsuko wa amayi. Mkati linali lakuda bii, m'mphepete muli timizere ta woumba. Mpaka lero ndikatseka maso ndimamva kutentha kwake m'zikhato.

Mtsukowo unasweka chaka cha chilala, ine ndisanathe msinkhu. Mitambo inkasonkhana pamwamba pa phiri la Ntchisi, ife n'kuthamangira kukaanula zovala, kenako mphepo n'kuibalalitsa. Chimanga chinapota masamba ngati anyezi. Tsono anthu akatopa kuyang'ana kumwamba, amayamba kuyang'anana. Anapeza agogo ena a kumapeto kwa mudzi, opanda mwana, maso ofiira ndi utsi. Akuti amanga mvula mumphika. Anyamata anasasula denga la nyumba yawo, ena atatola kale miyala. Amayi anapita dzuwa lili paliwombo, anthu onse akuona, nawabereka kumbuyo ngati khanda, n'kudzawagoneka pamphasa yathu.

Atate anali kuesiteti ya fodya kuseri kwa Mponela. M'malo mwawo kunabwera amalume, thukuta lili kamukamu. "Mlongo, mufuna akuotchereni m'nyumba ndi ana omwe?" Amayi ankawamwetsa phala agogowo, osatembenuka. "Mavuto sindingawathawe, achimwene. Koma andipeze ndisanaponye mwala."

Anawapezadi. Kuchitsime, mayi wa kuseri kwathu, amene ankaimba nawo nyimbo kutchalitchi, anakankha mtsuko uli pamutu. Phwa! Madzi amene tinadikira chiyambire m'mawa dothi linamwa tikuona. Amayi anawerama, natola chidutswa chachikulu, tinabwerera.

Masiku amenewo machesi anali osowa, moto unkayenda khomo ndi khomo. Wathu ukazima ndinkazungulira mudzi ndi phale lija. "Wazima," ankatero, utsi ukutuluka padenga pawo. Pamtondo amayi ankasinja okha. Kutchalitchi anthu ankasendera, malo otizungulira n'kukhala pululu. Ndakalamba ine, njala ndaiona, maliro a ana anga ndawalira, koma kutopa kwa munthu amene anzake asiya kumulonjera n'kwina.

Ine ndinkaganiza kuti Mulungu akuwerengera zonsezi. Tsiku lina tikuchapa nsalu za agogowo ndinafunsa amayi ngati iwowo adzalowe kumwamba chifukwa cha ntchito imeneyi. Amayi anaseka, kuseka kwa munthu wotopa. "Kumwamba sagula ndi phala, mwanawe. Yesu anatsegula kale ndi magazi ake, ine ndangokhulupirira. Ndawatola agogowa chifukwa nanenso ndinachita kutoledwa."

Agogo aja anamwalira m'nyumba mwathu. Manda anakumba amalume ndi mkulu wa mpingo mmodzi, dothi louma likubweza khasu. Ndiye tamverani: titangowaika, mawa lake mvula inagwa. Inagwa yamphamvu, mitsinje kusefukira. Mudzi wonse: "Mwaona? Sitinanene?" Ine ndinkadikira kuti Mulungu awayeretse amayi pamaso pa anthu, m'malo mwake anthuwo anapeza umboni. Palibe anabwera kudzapepesa, chaka chimenecho kapena china chilichonse. Amayi anapita kumanda ena akuwatchulabe osunga mfiti.

Mvulayo inanyowetsa nkhuni m'mudzi monse. M'mawa wina mayi woswa mtsuko uja anaima pakhomo pathu, mwana akulira kumsana, moto wawo utazima. Amayi anatenga phale lomwe lija, naikapo makala, nauzira mpaka anayaka psuu, n'kupereka ndi manja awiri.

Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe, kukalira ndi ukali. Ndinkati amayi aiwala amene anaswa mtsuko wawo. Manja awo ndinawaona akunjenjemera popereka phalelo, koma ndinkayesa kuti lawatentha.