Mkulu wa Mpingo ndi Ana Ake a ku Lirangwe

Mkulu wa mpingo amene ndinayandikana nawo nyumba kuno ku Chileka saphonya maliro kapena mapemphero a kumlaga. Akaima kutsogolo amakonda kunena kuti, "Kholo ndi mthunzi, lisamatalikire ana." Timavomera ameni, chonsecho tikudziwa kuti ana awo awiri anawasiya ku Lirangwe asanayambe ndi sukulu yomwe. Ukawafunsa amangoti, "Ndimawapempherera."

Mwezi watha ndinawaperekeza ku chinkhoswe cha mwana wawo wamkulu. Nthawi ya malangizo itakwana anaimirira, Baibulo lili kukhwapa, n'kuyamba kuti, "Madalo mwananga..."

Mkwatibwi anadzutsa mutu. "Ndine Connie, ababa. Madalo ndi uja wakupatsani mpando, inu n'kumufunsa kuti ndi mwana wa ndani."

Lamulungu lotsatira mkulu uja analalikira za ana osalemekeza makolo.