Makina a Mayi Zigamba

Pakhonde la golosale, pakati pa wokonza njinga ndi wometa tsitsi, ndi pamene Mayi Zigamba akalambira. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, anthu amawadziwa ndi zigamba zimene amaika kumatako kwa makabudula a ana asukulu. Makina awo osokera anali opalasa ndi phazi, akuda, lamba wake wolumikiza ndi waya. Koma makina omwewo ndiwo analera ana anayi, bambo wa anawo atathawira kwa mkazi wina.

Ndiye kunabwera chitukuko. Boma linati amayi asamangodalira khasu, ayambe mabizinesi. Mlangizi wa polojekitiyo, kabwana ka nsapato zosongoka, anafika pakhondepo thukuta lili kamukamu.

"Amayi, tithandizeni. Mlendo wolemekezeka akubwera mawa kudzapereka makina, koma makinawo sanafike. Tibwerekeni anuwa tingojambulitsa, madzulo tibweza. Akafika atsopano, amagetsi, oyamba kulandira ndinu."

"Amagetsi? Magetsiwo mwawaona pati kuno?"

"Zimenezo ndi za gawo lachiwiri, amayi."

Mayi Zigamba anamumvera chisoni, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makinawo anawapukuta okha, kuwathira mafuta, n'kuwakweza pangolo.

Mawa lake anapita kukaonerera. Anapeza makina awo atawamata chipepala cha polojekiti, atawamanganso kansalu kofiira. Mlendo analankhula mpaka dzuwa kupendeka, ati mayi wakumudzi ndiye nsanamira ya dziko. Nsanamirayo inali chilili padzuwa kuseri kwa chingwe, mipando yonse atakhalapo a komiti. Kenako anaitana wolandira: mlamu wake wa wapampando wa komitiyo, mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, woti chibadwire sanalowetsepo ulusi pasingano. Anagwada, anamujambula, anthu n'kuwomba m'manja.

Madzulo Mayi Zigamba anapita ndi ngolo kwa wapampando. Anamupeza akutokosa m'mano.

"Makina ati?" anatero bamboyo. "Awa ndi aboma, chipepalachi simukuchiona? Mlendo wapereka ndi manja ake anthu akuona. Mukufuna timuchititse manyazi?"

"Taonani lambayo, bambo. Wayayo ndinamanga ndekha."

"Kafunseni alangizi."

Foni ya mlangizi sinalirenso. Kuofesi anati anamusamutsa. Koma chonyansa kwambiri n'chakuti anthu onse odziwa makinawo, ena atavala zigamba za makina omwewo kumatako, anangoti chete. Aliyense ankaopa kumanidwa gawo lachiwiri. Anthu opanda manyazi, kugulitsa mnzawo chifukwa cha chinthu choti sanachione n'komwe.

Lero Mayi Zigamba akadali pakhonde lomwelo, akusoka ndi singano yapamanja, maso akuchita chidima. Kabudula amene ankatha munthu ali chiimire tsopano amawadyera m'mawa wonse. Osoketsa mayunifolomu anapita kwina.

Tsiku lina kunatulukira mlamu wa wapampando uja, atanyamula diresi long'ambika m'khwapa.

"Mundisokereko, amayi."

"Nanga makina aja?"

"Aja? Amangodula ulusi. Bomali limatipatsa zinthu zakutha, inu. Tinangoikapo wailesi yakanema. Koma ngati tebulo ndiye ali bwino."

Mayi Zigamba analiyang'ana diresilo, mkamwa mukuwawa. Anafuna kulavulira pansi. Koma kunyumba poto anali asanakhale pamoto, ndipo tsikulo kunali kusanabwere wina aliyense. Ndi malovu omwewo ananyowetsa nsonga ya ulusi, n'kuyamba kufunafuna bowo la singano.