Mpopi wa pa mgolo wa apongozi

Mpaka lero mkazi wanga amati bambo ogulitsa mapaipi mumsika wa Zingwangwa ndi akuba. Si akuba. Chitsiru ndine, ndipo zimandipsetsa mtima.

Madzi atayamba kuvuta, apongozi anatipatsa mgolo wawo wakale wachitsulo kuti ndiikepo mpopi. Kumsika, bambo aja anati, "Achimwene, bwererani mukatenge chitsekero chake tiyezere. Migolo yakaleyi mazinga ake amasiyana, ena otalikirana, ena othithikana."

Zinandinyansa. Ine wokonza njinga zaka zonsezi, munthu andiphunzitse mazinga? Ndinawaonetsa chala chachikulu. "Bowo lake ndi ili. Ingondipatsani mpopiwo."

Kunyumba mpopi unazungulira kawiri n'kukana. Wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinatenga sipanala n'kukakamiza, chitsulo chikulira, mpaka mpopi unayamba kungozungulira osagwira. Mazinga onse a mgolo wa eni ake ndinali nditawadya. Ndinakulungapo malegeni, osauza munthu aliyense.

Tsiku limene madzi anatuluka, mkazi wanga anatunga m'mawa wonse. Pofika masana mgolo unali wouma, pabwalo pali matope okhaokha.

"Andigulitsa mpopi wachinyengo," ndinatero, ndipo ndinakalipa mpaka kudzikhulupirira ndekha.

Mkazi wanga anapita kumsika kukawalalatira bambo aja pamaso pa anthu.

Dzulo ndinadutsa pafupi ndi benchi yawo, nkhope nditalozetsa kumbali. Anandiitana. Nditacheuka, sanandipatse moni. Anangokweza chala chachikulu.