Bokosi la Esinati, Wophoda Akwatibwi

Ndinataya mkazi. Ndinataya mwana amene tinali tisanamuone nkhope. Ndinataya munthu yekhayo amene ankadziwa kuti ndimaopa abuluzi. Ndinataya kaphokoso ka timabotolo togundana m'mawa wa Loweruka. Ndinatayanso mnansi wanga wa paubwana, pakuti mkaziyo ndi mnansiyo anali munthu mmodzi, Esinati wa kuseri kwa mpanda wathu wa nkhadze.

Za mkaziyo sindinafike poti n'kulemba zambiri. Ndilemba za mnansiyo.

Ndikamuganiza ali wamng'ono, limayamba kufika ndi fungo, nkhope n'kubwera pambuyo: fungo la dothi lotentha pa phale, utsi wopyapyala wa mitengo ya nandolo, ndi nthunzi ya kalongonda amene mayi ake ankaphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akumataya madzi n'kuthira ena. Mudzi wathu unali m'tsinde mwa phiri, pamalo pamene katondo wofiira amathera ndipo dothi lakuda la m'chigwa limayambira, ndipo masana a mwezi wa Okutobala chigwa chonse chinkanjenjemera ndi kutentha moti anthu oyenda pa njinga chapatali ankaoneka ngati akuyandama pamadzi. Pakati pa utsi umenewo pankakhala kamtsikana koonda, konjuta pambali pa mafuwa, kakutakasa dothi ndi kamtengo ngati kakukazinga mtedza.

Zinayamba chaka chimene akuluakulu anavotera zipani zambiri koyamba. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, iye ankandiposa ndi chaka. Kalaliki wina wa ku ofesi za pa Boma ankakwatira mtsikana wa mudzi woyandikana nafe, ndipo ana tonse tinakakangamira pa mawindo a holo kuti tione. Anali ataitanitsa mayi wina wa ku Limbe kuti adzaphode mkwatibwi. Velo itavundukulidwa, nkhope inali mbuu ngati phulusa, khosi lili lakuda monga mwa masiku onse, ndipo wina pawindopo ananong'ona kuti mkwatibwi wagwera m'lichero la ufa. Tinaseka mpaka kutsetsereka pakhoma. Esinati sanaseke. Pobwerera anayenda patsogolo, ndipo titafika pa mlatho anandiuza kuti mtsikanayo anamuona pa mjigo Lachinayi ali wokongola, ndiye n'chifukwa chiyani amuchita chonchi pa tsiku lake lomwe. Anati iye akadzakula adzaphoda akwatibwi m'njira yoti mayi awo owabala aziwazindikira.

Kuyambira pamenepo anayamba kusonkhanitsa zipangizo, ndipo zinamutengera zaka. Choyamba chinali chitini cha mabisiketi chadzimbiri m'mbali, chimene anachikwecha ndi mchenga wa kumtsinje mpaka chinawala. Chachiwiri chinali kachidutswa ka pensulo ya nsidze, kotalika ngati chala chaching'ono, kamene namwino wina amene mayi ake ankamuchapira zovala anali atataya. Burashi anapanga yekha ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi yathu, n'kuumangirira ku kabango ndi ulusi wa thumba la feteleza. Mbuziyo inamusungira chakukhosi mpaka imfa yake. Kalilole anali chibenthu cha galasi la njinga yamoto. Masiku a msika ku Migowi ankaima nthawi yaitali pa mphasa za mavenda, amene zaka zimenezo anali atayamba kuyala zophodaphoda poyera pambali pa kaunjika, ndipo ankatsegula kabokosi kalikonse, kununkhiza, kupaka pang'ono kuseri kwa dzanja, mpaka mwini wake kumuthamangitsa. Phoda yense wa pamenepo anali wa anthu oyera khungu. Wa khungu lathu kunalibe.

Ndiye anaganiza zomupanga yekha. Ankatenga phoda woyera wa ana akhanda, n'kusakaniza ndi katondo wa m'tsinde mwa phiri ndi makande akuda a m'chigwa, ponena kuti khungu la munthu aliyense wa kwathu lili penapake pakati pa madothi awiriwo. Wojambula zithunzi wa pa Boma ankamusungira timabotolo takuda ta filimu, ndipo kalikonse kankalandira mtundu wake wa phoda ndi kapepala ka dzina la munthu amene khungu lake lagwirizana nawo.

Kabotolo koyamba kanali ndi dzina langa, chifukwa nkhope yoyeserera inali yanga. Azing'ono ake ankathawa, anzake ankafuna kudziona pa kalilole mphindi iliyonse, koma ine ndinkatha kukhala phee pa mtondo wovundikira kwa ola lathunthu, maso ali otseka, ndikumva ubweya wa mbuzi ukuyenda pa tsaya, nkhunda zikulira mu mtengo wa mango, ndi mpweya wake wonunkhira nzimbe ukundifika pamphumi. Ndikayamba kuseka ankandigwira chibwano.

"Khala bwino, iwe. Nkhopeyi lero si yako."

Zolakwika zinalipo zambiri. Poyamba sankakazinga dothilo, ndipo nditatuluka thukuta linasanduka matope ofiira amene anatsikira pa kolala ya yunifolomu yanga. Mayi anga anandikwapula, kenaka anapita kukayankhula ndi mayi ake pa mpanda, Chilomwe chokhachokha kuti ife tisamve zonse. Zitatero, Esinati anaphunzira kulikazinga dothilo pa phale mpaka fungo la chinyezi litatha, kulipera pa mphero, n'kulisefa katatu pa duku yopyapyala. Nthawi ina anayesa kudetsa phoda ndi ufa wa koko, ndipo kutacha chitini chonse chinali nyerere zokhazokha. Tsiku linanso ndinapita kusukulu nsidze zisanafufutike bwino, zitajambulidwa m'mwamba kwambiri, ndipo aphunzitsi a masamu anandifunsa pamaso pa kalasi yonse kuti chandidabwitsa n'chiyani pa bolodi. Mayi ake ankamuyang'ana akupukusa mutu, n'kumamufunsa ngati adzadye dothi lomwelo, poti anzake onse anali kumunda kapena pa mtondo.

Anthu ankadziwa za chitinicho, koma ankachitenga ngati masanje. Panalibe amene akanapereka nkhope ya mwana wake kwa mtsikana wokazinga dothi. Esinati anafika zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu asanaphodepo mkwatibwi ndi mmodzi yemwe, ndipo amalume ake anali atayamba kale kunena zomutumiza ku Blantyre kukagwira ntchito ya m'nyumba mvula ikatha.

Mkwatibwi wake woyamba anali achemwali anga, a Felesiya. Iwo anali ndi chipsera chochokera pansi pa khutu lamanzere kufika pachibwano, chimene mwala unawasiyira chaka cha Napolo, madzi atatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo. Ankayenda atapendeketsa mutu, ndipo pa zithunzi zonse za pabanja pathu amaoneka mbali imodzi yokha. Mwamuna wawo anali mlangizi wa zaulimi wochokera chigawo chapakati, ndipo azakhali ake a mwamunayo, mayi onenepa a magalasi, anafika Lachinayi atanyamula phoda wawo wa m'sitolo, akuti adzaphoda okha mpaka chipseracho chisaoneke. Anayesa madzulo omwewo. Anapaka, napakanso, mpaka tsaya linalemera; achemwali atangomwetulira, phodayo anang'ambika motsatira chipsera chomwecho, chikuoneka kuposa kale. Achemwali anakasamba kumaso, n'kunena motsitsa mawu kuti velo sadzavundukula m'tchalitchi, ndipo wojambula asavutike kubwera.

Ndine ndinadumpha mpanda kukamuitana Esinati. Anabwera Lachisanu m'mawa, chitini chili m'manja, atavala diresi lake la kutchalitchi. Azakhali aja atamva zimene zinali m'timabotolomo anavula magalasi.

"Dothi? Pankhope pa mkwatibwi wathu? Kodi kuno mumazira anthu ngati khonde?"

Esinati anagwada, n'kupempha kuti amulole ayese pamalo pang'ono pokha, ndipo ngati sakonda, madzi ali pafupi. Atamulola, anakana kugwirira ntchito m'nyumba. Anatulutsa mpando n'kuuika pakhomo penipeni, pamene kuwala kwa m'mawa kumafika popanda dzuwa kuwomba m'maso, ponena kuti m'nyumba phoda amanama. Anapaka timizere titatu pa nsagwada ya achemwali, pamalire a nkhope ndi khosi, n'kubwerera m'mbuyo mapazi angapo. Kamzere kamodzi kankaoneka kofiirira, kena kotuwa. Kachitatu sitinakaone n'komwe, ndipo anati ndi kameneko.

Chipseracho sanachikwirire. Anangochipaka pang'ono kwambiri ndi nsonga ya chala kuti chisanyezimire, nakonza nsidze, nadetsa m'mbali mwa maso mpaka munthu ukayang'ana nkhopeyo unkayamba waona maso. Achemwali anadziyang'ana nthawi yaitali m'chibenthu cha galasi chija, akutembenuza mutu uku ndi uku, ndipo anati chikuonekabe.

"Chikuoneka, achemwali," anatero Esinati. "Koma alamu anakufunsirani chili pomwepo."

Azakhali aja anavalanso magalasi, anayandikira mpaka mphuno yawo kutsala pang'ono kugunda tsaya la achemwali, ndipo sananene kuti zili bwino. Anangofunsa ngati m'timabotolomo munali ka khungu ngati lawo.

Loweruka velo inavundukulidwa. Chithunzi cha tsikulo chilipo mpaka lero kwa achemwali, ndipo ndi choyamba chimene anayang'ana kutsogolo. Ku Blantyre Esinati sanapitenso. Mwezi usanathe kunabwera anthu a ku Chiringa kudzamufunsa, kenaka ena a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo Loweruka lililonse m'chilimwe ankakwera njinga ya kabaza chitini chili pamiyendo, atachikulunga m'chitenje kuopa fumbi.

Ine ndinapita ku koleji ya zauphunzitsi, n'kubwerako ndi mawu ambiri ndi jekete limodzi. Tinakwatirana ndikuphunzitsa pa sekondale ina ya masana, ndipo pa ukwati wathu anadziphoda yekha, atakhala pakhomo pa mayi ake. Chitini chinalowedwa m'malo ndi bokosi la matabwa la zipinda zitatu limene mmisiri wa pa Boma anamukhomera monga mwa chojambula chake. Munalowa maburashi enieni asanu, masiponji, thonje, timapini ta velo, kalezala ka nsidze, ndi kalilole wa chogwirira. M'masitolo a ku Limbe munayamba kupezeka phoda wa khungu lakuda, ndipo dothi analisiya, koma kusakaniza sanasiye, chifukwa ankati a fakitale sanamuonepo mkwatibwi wake. Lipisitiki sankaipaka kuchokera pa mlomo wina kupita pa wina. Ankapala pang'ono ndi kamtengo ka machesi n'kuika pa sosala. Lamlungu masana ankachapa maburashi m'madzi otentha n'kuwayanika pawindo motsatana kutalika, ndipo ine ndikuchonga makope ndinkawaona akudontha, dzuwa likudutsa mu ubweya wawo. Mkwatibwi aliyense ankamuyendera masiku angapo ukwati usanafike, kukamuona pakhomo m'mawa, n'kubwera kudzasakaniza kabotolo kake. Pa zaka zonsezo sanalepherepo kufika pa ukwati umene analonjeza.

Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri pamene mapazi anayamba kutupa. Lachitatu anadandaula mutu ndipo anati akuona timoto m'maso, koma anamaliza kaye kusakaniza phoda wa mtsikana wina wa kufupi ndi Migowi, mwana wamasiye woleredwa ndi agogo ake, amene ukwati wake unali Loweruka lomwelo. Lachinayi m'mawa tinapita kuchipatala. Masana anamwino anabwera ndi bedi la matayala, ndipo tikudikira kuti atsegule chitseko cha chipinda cha opaleshoni, Esinati anandifotokozera pamene anaika kabotolo ka mtsikanayo ndi burashi yoyenera, akunditchula kuti aphunzitsi monga ankachitira akafuna kuti ndimvetsere. Ndinamuuza kuti za ukwati wa eni azisiye. Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana, nawonjeza mawu ena pang'ono, ndipo anamulowetsa.

Tinamuika Lachisanu, pamodzi ndi mwanayo. Loweruka m'mamawa ndinatuluka pa siwa, akuluakulu akundiletsa kuti wamasiye sayenda tsiku lotere, ndipo ndinapalasa njinga kudutsa m'chigwa, nkhungu ikadali pa minda ya mpunga. Kabotolo ndi burashi ndinazipereka kwa mayi amene ankaveka mkwatibwi, ndipo ndinawapempha kuti atulutse mpando pakhomo.

Bokosi lili pamwamba pa kabati, ndipo sindinalitsegulenso. Chimene ndimayenda nacho n'china. Mu minibasi, m'kalasi, pa mzere wa kuchigayo, maso anga amapita okha pa nsagwada za anthu, ndipo ndimapezeka ndikuyesa mumtima kuti uyu akufuna kufiira kochuluka bwanji, kuda kochuluka bwanji. Palibe amene ndimamuuza.

Loweruka lija, mkwatibwiyo anatuluka atafunda chitenje, maso ali pansi, atamva kale za maliro. Agogo ake anandifunsa ngati malemu anasiya mawu ena alionse. Ndinati anasiya, koma ndi a mkwatibwi, ndipo ndinawanena monga momwe iye anandiuzira pa chitseko chija, osachotsa kapena kuwonjezera:

"Mukamuuze asalire asanajambulidwe."