Alamu Anga a Makwerero ndi Inveta Yawo

Amuna a achemwali anga anthu amawatcha a Makwerero. Dzinali analipeza pantchito. Amaika magetsi a sola m'nyumba za anthu, ndipo m'mawa uliwonse amadutsa mumsewu pa njinga yamoto atamangirira makwerero chammbali, agalu akuwauwa pambuyo. Anayamba ndi kukonza mawailesi pakhonde la golosale, kenako anakwera padenga ndipo sanatsikenso. Achemwali ankakonda kunena kuti anakwatiwa ndi munthu amene amamuona kuphazi kokha.

Ine ndinkakhala nawo m'chipinda chakumbuyo, n'kumasoka zovala pakhonde. Mliri usanabwere, nyumba yathu ndiyo inali chionetsero cha alamu. Padenga panali mapanelo, m'kabati ya pabalaza munali mabatire aakulu, ndipo pakhoma panali inveta, kabokosi kamene kamasandutsa moto wa m'batire kukhala magetsi oti furiji iyake. Magetsi a kampani akazima dera lonse, ife tinkangomvera kwa anzathu akudandaula. Munthu akamakayikira za sola, alamu ankangobwera naye pabalaza n'kumutsegulira kabati.

Alamu ali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Amati pamene anaikapo dzanja lawo pasamagone mdima. Chipangizo chikafa kwa kasitomala, amazula chawo kunyumba n'kukaika kaye, chatsopano chikapezeka amakatenga chawocho. Masiku abwino zimenezi sizinkavuta aliyense. Chinthu chinkachoka Lolemba, pofika kumapeto kwa sabata chabwerera pamalo pake.

Kenako mliri unafika. Malire anatsekedwa, sitima zonyamula katundu zinaima kumadoko akutali, ndipo m'mashopu a sola m'tauni mashelefu anangoti pululu. Ukafunsa batire, yankho linali limodzi: katundu ali m'njira. Chopweteka n'choti nthawi yomweyo ndi imene aliyense anafuna sola. Anthu anauzidwa kugwirira ntchito kunyumba, ana ankaphunzira pafoni, ndipo magetsi a kampani ankazimazima kuposa kale. Foni ya alamu inkalira mpaka kutentha. Ntchito inali mbwee, koma choikira panalibe.

Choyamba kuchoka m'nyumba mwathu chinali kontirola, kachipangizo koteteza batire kuti isapse ndi moto wa padenga. Kanapita kwa wometa tsitsi wina. Mabatire anatsatira, ulendo wa kwa mayi wina wogulitsa mankhwala, amene furiji yake inkasunga mankhwala a anthu a shuga.

"Alamu, mawa mudzazulanso mababu?" ndinawafunsa.

"Mlamu, kupatsa n'kuika. Kontena ya katundu ikangofika, zonsezi zibwerera."

"Kontena yanuyo ikubwera wapansi?"

Achemwali anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Asiye iwe," anatero. "Sudziwa kuti woumba mbiya amadyera m'phale?"

Ine sindinaseke tsiku limene anazula inveta. Mphenzi inali itaotcha ya aphunzitsi ena opuma pantchito, kutsidya kwa msewu waukulu, ndipo mwana wawo anaimba foni akudandaula. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Alamu ankangomasula zomangira, akuvomera ndi mutu ngati akumvera ulaliki. Pakhoma panatsala mawaya awiri olendewera, okulungidwa tepi yakuda kunsonga. Mapanelo anatsala padenga akumwa dzuwa tsiku lonse, koma moto wake unalibe kolowera.

Patapita miyezi, achemwali anayamba kutsokomola. Anati ndi chimfine cha fumbi. Thupi linatentha, chakudya anasiya kuchimva kukoma, kenako kuyenda kuchoka pabedi kufika pakhomo kunasanduka ulendo. Kuchipatala tinapeza anthu atagona m'makhonde, ena m'galimoto panja. Achemwali anawapima n'kutiuza kuti ndi matenda a mliri omwewo, bedi palibe, tibwerere nawo kunyumba.

Amene anatithandiza ndi anamwino oyandikana nafe nyumba. Anatibwerekera makina a mpweya ku banja lina limene wodwala wawo anali atachira. Makinawo ndi aakulu ngati sutikesi, amalumikizidwa kukhoma, ndipo kapaipi kake kamalowa m'mphuno.

"Chinthu chimodzi chokha," anatero anamwinowo. "Makinawa asazime nthawi yaitali. Mapapo awo pakali pano sangathe okha."

Masiku oyamba zinayenda. Milomo ya achemwali inabwerera mtundu wake, anayambanso kundilalatira kuti ndikuwamwetsa madzi ngati mwana. Magetsi ankathima pang'ono n'kuyakanso, ife mitima ili m'mwamba. Ndiye m'mawa wina anazima osabwereranso. Pa wailesi anati kwawonongeka chinthu chachikulu, ndipo amisiri ambiri a kampaniyo nawonso akudwala. Sananene nthawi imene adzayake.

Alamu anakwera njinga osamwa ndi tiyi yemwe. Mbiri yoti m'nyumba mwathu muli matenda inali itafika kale paliponse. Wometa tsitsi anaika kontirola panjerwa panja, iye n'kukaima patali. Mayi wa mankhwala anatulutsira batire imodzi pageti pa wilibala, atatseka mphuno ndi mpango. Sindikuwada, aliyense ankaopa imfa. Alamu analumikiza zonse, anapima ndi mita yawo, n'kupeza kuti moto ulipo wokwanira. Chosowa chinali inveta basi. Anaimbira amisiri anzawo onse, ndipo onse anali chimodzimodzi. Mmodzi anatumiza kainveta kochajira mafoni. Titalumikiza makina, kanangolira kamodzi n'kuzima. Jenereta ya mwini golosale inali itafa kalekale, nayonso ikudikira chipangizo chimene chinali m'njira.

Achemwali anali atayamba kupuma ndi mapewa, kukamwa kuli yasa.

"Ndikupita kwa aphunzitsi," anatero alamu.

"Ndipita nawo," ndinatero.

Alamu ndinkawadziwa. Munthu akangowadandaulira amasungunuka. Ndinasiya anamwino pambali pa bedi n'kukwera kumbuyo kwa njinga, mawu aukali nditawakonza kale m'kamwa.

Pageti panabwera mwana wa aphunzitsi uja, mayi wa msinkhu wanga, atavala masiki, maso ali psuu.

"Tabwera kudzatenga inveta yathu," ndinayamba ine alamu asanatsegule pakamwa. "Achemwali anga ali pa makina a mpweya. Sitinakugulitseni, tinangokubwerekani."

Sanatsutse. Anatsegula geti, anatitsogolera kumbali kwa nyumba, n'kukankha zenera la chipinda. Phokoso ndinalizindikira ndisanaone kanthu, chifukwa ndinali nditagona nalo masiku onsewo. Pabedi panali nkhalamba yowonda, kapaipi kali m'mphuno, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

"Bambo ali pa makina kuyambira sabata yatha," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Inveta ndi yanu, sindikukana. Lowani mukazule nokha. Ine manja anga sangathe."

"Tibwere nawo kuno odwala athu," ndinatero. "Alamu, makina onse awiri alumikizidwe pompano."

"Singakoke awiri, mlamu. Ipsa, ndiye titaya onse."

Anatulutsa sikuludiraiva m'thumba la malaya n'kulowa m'nyumbamo. Ndili pakhomo ndinawaona ataima kutsogolo kwa inveta yawo, imene anaigula okha, yokhala ndi kachizindikiro ka penti kamene amaika pa zinthu zawo zonse. Anaika sikuludiraiva pa chomangira choyamba. M'chipinda muja nkhalamba ija inatsokomola n'kuitana mwana wake. Alamu anaima choncho nthawi yaitali, kenako anabweza sikuludiraiva m'thumba.

Ine amene ndinabwera kudzamenya nkhondo ndinangoima pakhomo pomwepo. Ndinkafuna kuwakankha ndizule ndekha, ndipo mpaka lero pali masiku amene ndimadzuka nditakwiya nawo, ndi aphunzitsiwo, ndi sitima zimene zinaima zija. Koma sindinalowe. Tinabwerera chimanjamanja.

Achemwali anatsegula maso titalowa. Anayang'ana manja a amuna awo.

"Mwaipeza?" Mawu ankatuluka limodzilimodzi.

"Ndaipeza."

"Mwawasiyira."

"Nawonso ali pa makina, mayi."

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti akwiya, koma pakamwa pawo panaoneka ngati akufuna kuseka.

"Ndinadziwa," anatero. "Khalani pansi, mwatopa."

Alamu anakhala pansi penipeni, pasimenti, atatsamira bedi. Tinatsegula mawindo onse. Anamwino anagoneka achemwali chafufumimba monga amachitira kuchipatala, ine ndikuwakupiza ndi katoni. Ndinaimbira galimoto zahayala, koma akangomva za matendawo ankadula foni. Ambulansi anati ili ndi anthu ambiri patsogolo pathu. Kunja dzuwa linali phwee, malata akulira ndi kutentha. Achemwali anatisiya masana omwewo, dzanja lawo lili pamutu pa amuna awo.

Malamulo a nthawi imeneyo sankalola anthu kusonkhana, choncho palibe amene analowa kudzatikhazika. Oyandikana nafe anaima kuseri kwa mpanda. Anamwino anafunditsa achemwali nsalu n'kupita kukaimbira a zaumoyo kuti adzatenge thupi. Tinatsala awiri, ine pampando, alamu pansi pomwe paja.

Dzuwa litapendeka, magetsi anayaka. Babu la pabalaza linawala, furiji inayamba kulira kukhitchini. M'chipindamo makina aja, amene palibe anakumbukira kuwazula kukhoma, analira kamodzi n'kuyamba ntchito. Kapaipi kanali pamwamba pa nsalu, kakutulutsa mpweya bwinobwino.

"Mlamu," anatero alamu osadzutsa mutu, "tazimitsani."

"Zimitsani ndinu, alamu. Ine sindingathe."

Palibe amene anadzuka. Makinawo anapitiriza kupuma okha mpaka a zaumoyo anafika.